Mapu a thabwa a United States olumikiza zidutswa: malo a zigawo amaphunzitsa bwino, koma malikulu amafuna dzanja la mphunzitsi

Mwana akatenga chidutswa cha chigawo cha Oklahoma m'manja, chala chake chimayamba kukhudza kamkono kaja kotalika koloza kumadzulo. Amachitembenuza kawiri katatu, kenako amapeza kuti kamkonoko kamagona pamutu pa Texas, ndipo chidutswa chimalowa m'malo mwake. Mawa lake mukamufunsa kumene kuli Oklahoma, dzanja limafika pamalopo pakamwa pasanatuluke mawu. Apa ndiye pagona mphamvu ya mapu a thabwa olumikiza zidutswa, ndipo tchati cha pakhoma, ngakhale chikongole chotani, sichingafike pamenepa.

Mtundu umene tikuunika pano ndi uja wofala kwambiri: thabwa lapansi la masentimita pafupifupi 45 m'litali ndi 30 m'lifupi, lokhala ndi mpanda m'mbali, ndi zidutswa pafupifupi 45 zodulidwa motsata malire enieni a zigawo. Pamwamba pa chidutswa chilichonse pali dzina la chigawo ndi kachithunzi, ndipo dzina la likulu limalembedwa pathabwa lapansi, moti limaoneka mukachotsa chidutswacho. Nzeru yake si yatsopano. Masewera olumikiza zidutswa anayambira pa ntchito yomweyi: m'zaka za m'ma 1760 John Spilsbury, wojambula mapu wa ku London, ankamata mapu pathabwa n'kuwadula motsata malire a mayiko kuti ana aziphunzirira jogalafe.

Chigamulo chathu tichinene poyambirira. Mapu amenewa ndi oyenera kugula, m'kalasi ngakhalenso kunyumba. Pa maonekedwe a chigawo, malo ake ndi zigawo zoyandikana nacho, amagwira ntchito yabwino kwambiri. Koma pa malikulu, amene opanga amawalengeza ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi, paokha sakwanitsa. Komanso pali malo atatu pamene amaphunzitsa mwana zolakwika ngati wamkulu sanenapo kanthu.

Zimene manja amaphunzira

Chidutswa sichingalowe pamalo olakwika popanda kusiya mpata, choncho thabwa lenilenilo ndilo limakonza mwana, osati mawu a mphunzitsi. Mwana woika Tennessee amaona yekha kuti chigawo chopyapyalachi chakhudza zinzake 8: Kentucky, Virginia, North Carolina, Georgia, Alabama, Mississippi, Arkansas ndi Missouri. Missouri nayenso ali ndi zoyandikana nazo 8. Maine, kumapeto kwenikweni kumpoto chakum'mawa, wakhudza chigawo chimodzi chokha, New Hampshire. Zoterezi mukazilemba pabolodi zimafufutika pamodzi ndi choko, koma mwana amene wachotsa Tennessee n'kuwerenga ndi chala m'mbali mwa dzenje lotsalalo sawerenga kawiri.

Chinanso chimene chala chimamva ndi kusiyana kwa malire. Zidutswa za kum'mawa ndi zapakati zili ndi m'mphepete mokhotakhota, za kumadzulo zambiri zili ndi mbali zowongoka ngati zodulidwa ndi rula. Funsani ana chifukwa chake musanawauze. Mokhota muja kawirikawiri mwadutsa mtsinje. Mtsinje wa Mississippi umadutsa kapena kupanga malire a zigawo 10 kuchokera ku Minnesota mpaka ku Louisiana, ndipo mtsinje wa Ohio ndiwo wajambula mbali ya kum'mwera ya Ohio, Indiana ndi Illinois. Malire owongoka aja anachita kuyezedwa potsata mizere ya pamapu, n'chifukwa chake pali malo amodzi pamene ngodya za zigawo zinayi zakumana: Utah, Colorado, Arizona ndi New Mexico. Pathabwa lodulidwa bwino, ngodya zinayizo zimakumanadi pamfundo imodzi. Mukafuna kuyesa luso la wodula musanagule, yang'anani pamenepo.

Pali zidutswa zimene zimasokoneza pafupifupi mwana aliyense, ndipo ndi bwino kuziyembekezera. Colorado ndi Wyoming zonse ndi zamakona anayi ndipo kukula kwake n'kosasiyana kwenikweni, Colorado masikweya kilomita pafupifupi 270,000, Wyoming 253,000. Ngati wodula anasiya mpata waukulu, chimodzi chimalowa m'malo mwa chinzake ndipo thabwa silidandaula. Apa mwana auzidwe kuti Wyoming ali pamwamba, ndipo likulu lake Cheyenne lili pafupi ndi malire a kum'mwera, makilomita pafupifupi 160 okha kuchokera ku Denver, likulu la Colorado. Vermont ndi New Hampshire zimaoneka ngati chidutswa chimodzi chimene chatembenuzidwa: Vermont ndi wotambalala kumutu, New Hampshire ndi wotambalala kumiyendo. Mississippi ndi Alabama zaima chotsamirana, chilichonse ndi kaphazi kofika kunyanja, ndipo tiphazi tiwirito tili pakati, moyandikana. Mwana akauzidwa zimenezi chidutswa chili m'manja, amagwira msanga.

Pamene thabwa limanama

Vuto loyamba lili m'chiwerengero. Zigawo ndi 50, zidutswa ndi 45 kapena kuyandikira pamenepo. Chifukwa chake ndi masamu wamba. Kuchokera kugombe la kum'mawa kufika la kumadzulo pali makilomita pafupifupi 4,500. Mukawapanikiza pa masentimita 40 a thabwa, sentimita imodzi imaimira makilomita oposa 100. Rhode Island ndi wotalika makilomita 77 okha, choncho chidutswa chake chikanakhala chosakwana n'komwe sentimita imodzi. Opanga amathetsa vutoli pophatikiza tizigawo ta kumpoto chakum'mawa, kawirikawiri Massachusetts, Connecticut ndi Rhode Island pachidutswa chimodzi, Delaware pamodzi ndi Maryland, nthawi zina Vermont ndi New Hampshire. Sitingawadzudzule kwambiri, chifukwa kachidutswa kakang'ono choncho kakanatayika tsiku loyamba, komanso n'koopsa kwa mwana wamng'ono. Koma zotsatira zake ndi zoti mbali imene ili yovuta koposa ndiyo imene mapuwa amaiphunzitsa mofooka koposa. Mwana amazolowera kunyamula zigawo zitatu ngati chimodzi, ndipo pa mapu opanda mayina amasowa pamene Providence, likulu la Rhode Island, ali, amasokoneza Hartford ndi Boston, malikulu a Connecticut ndi Massachusetts. Mbali imeneyi imafuna pepala lakelake. Jambulani kapena kulitsani pa fotokope zigawo za kumpoto chakum'mawa kuti zidzaze pepala lonse la A4, mumate pakatoni, mudule chigawo chilichonse pachokha. Ndi ntchito ya mphindi 30 ndipo imatseka mpata waukulu.

Lachiwiri ndi Alaska ndi Hawaii. Pafupifupi pa thabwa lililonse zigawo ziwirizi zaikidwa m'timabokosi pakona ya m'munsi kumanzere, pamene payenera kukhala Mexico ndi nyanja. Mwana amene sanaonepo mapu ena amakhulupirira zimene akuona: kuti Alaska ndi chilumba, kuti ali kum'mwera kwa California pafupi ndi Hawaii, ndiponso kuti ndi wamng'ono kuposa Texas. Zonse zitatuzi si zoona. Alaska ali kumpoto chakumadzulo kwa Canada, walumikizana ndi dzikolo pamtunda, ndipo mbali yowongoka ija ya chidutswa chake ndi malire a Canada osati gombe. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 1.7 miliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri Texas amene ali ndi pafupifupi 696,000. Hawaii ali pakati pa nyanja ya Pacific, makilomita oposa 3,500 kuchokera kugombe la California. Vuto limeneli timalitenga kukhala lalikulu, chifukwa chithunzi choyamba chimene chalowa m'mutu mwa mwana chimavuta kuchichotsa. Tsiku loyamba lenilenilo, musanatsegule bokosi, tengani gulobu kapena mapu a North America, mwana aloze yekha Alaska ndi Hawaii. Kenako poseweretsa thabwa, zidutswa ziwirizi aziziika kaye kunja kwa mpanda, Alaska pamwamba kumanzere, Hawaii kutali kumanzere m'munsi, asanazibwezere m'timabokosi tawo. Zigawo ziwirizi ndizo zinalowa pomaliza, zonse mu 1959, ndipo mfundo imeneyi imathandiza mwana kumvetsa chifukwa chake zimaoneka ngati zowonjezera.

Lachitatu ndi laling'ono: Michigan. Chigawochi chili m'mbali ziwiri zolekanitsidwa ndi madzi, zolumikizidwa ndi mlatho wa Mackinac umene unatsegulidwa mu 1957. Opanga ena amasiya kagawo ka nyanja kopakidwa buluu kuti mbali ziwirizo zikhale chidutswa chimodzi, ndipo njira imeneyi ndi yabwino. Ena amamatiza mbali ya kumtunda ku chidutswa cha Wisconsin. Thabwa lotero musagule.

Nkhani ya malikulu

Kulemba likulu pansi pa chidutswa kumaoneka ngati nzeru: mwana anyamula Kansas, awerenga Topeka. Vuto ndi loti mwana amene akulumikiza sawerenga. Maso ake ali pa maonekedwe a dzenje, ndipo chidutswa chikangolowa, dzina laphimbika. Atha kumaliza thabwa lonse kakhumi m'mphindi zochepa osadziwa malikulu asanu. Ngakhale atawerenga, kuona yankho si kukumbukira yankho. Chimene chimakhazika dzina m'mutu ndi kuyesa kulitulutsa wekha usanaone, ndipo thabwa silimukakamiza kutero.

Kukonza kwake ndi kutembenuza masewero. Thabwa liyambe lili lodzaza. Mwana aloze chigawo, atchule likulu mokweza, ndiyeno anyamule chidutswa kuti aone. Akakhoza, chidutswa ndi chake. Akalakwa, awerenge dzina mokweza, abwezere chidutswa, apite ku china, adzabwererenso pakadutsa zinayi kapena zisanu. Zotsala pathabwa kumapeto ndizo zoyambira mawa. Pamenepa zolemba za pansi zija zimayamba kugwira ntchito yake, ndipo ana awiri atha kuyesana popanda wamkulu.

Vuto lina la malikulu silichokera kwa opanga koma ku dziko lenilenilo. Mwa zigawo 50, ndi 17 zokha zimene likulu lake ndi mzinda waukulu koposa m'chigawomo, monga Phoenix, Atlanta, Boston, Denver ndi Honolulu. M'zigawo zotsalazo mwana amakokedwa ndi dzina limene analimva kale. Amati likulu la New York ndi New York City pamene ndi Albany, la California amati Los Angeles pamene ndi Sacramento, la Illinois amati Chicago pamene ndi Springfield. Chimodzimodzi Florida ndi Tallahassee osati Miami, Nevada ndi Carson City osati Las Vegas, Pennsylvania ndi Harrisburg osati Philadelphia, Washington ndi Olympia osati Seattle, Louisiana ndi Baton Rouge osati New Orleans. Tizithunzi ta pazidutswa nthawi zina timakulitsa vutoli, chifukwa wojambula amasankha chinthu chotchuka cha mzinda wotchuka, ndipo diso la mwana limagwira chithunzi kusiya kanyenyezi kosonyeza pamene pali likulu.

Kuloweza kokha sikuchiza zimenezi, chimene chimachiza ndi chifukwa chake. Malikulu ambiri anasankhidwa nthawi imene aphungu ankayenda pa kavalo, pa ngolo kapena pa bwato, ndipo anthu a kumidzi sankafuna kuti boma likhale m'manja mwa mzinda wamalonda wa kugombe. Choncho ankasamutsira boma chapakati. Pennsylvania anachotsa boma ku Philadelphia mu 1799, ndipo linakhazikika ku Harrisburg mu 1812. Michigan anachoka ku Detroit, mzinda wa pamalire ndi Canada, kupita ku Lansing mu 1847. Indianapolis ndi Columbus anachita kumangidwa dala pakati pa zigawo zawo kuti akhale malikulu. Mwana akamva zimenezi n'kuyang'ana pamene pali tinyenyezi, amaona yekha kuti tambiri tili chapakati pa chidutswa, ndipo amasiya kuthamangira dzina lotchuka. Kenako amayamba kufunsa za amene sali pakati, monga Juneau wa ku Alaska, kumene kulibe msewu wolumikiza mzindawo ndi madera ena moti anthu amafikako pa ndege kapena pa sitima ya pamadzi. Mafunso oterewa ndi amene mukufuna.

Chifukwa cha zimenezi, kanyenyezi ka likulu kayenera kukhala pamalo enieni. Pa matabwa ena dzina limangosindikizidwa pakati pa dzenje popanda chizindikiro, ndiye kuti mwana waphunzira mawu koma sanaphunzire malo. Yesani malikulu anayi musanagule: Tallahassee akhale kumpoto kwa Florida pakamkono koloza kumadzulo, Carson City akhale pafupi ndi pamene malire a kumadzulo a Nevada apindika, Cheyenne akhale pakona ya kum'mwera chakum'mawa kwa Wyoming, Trenton akhale kumalire a kumadzulo a New Jersey. Ngati tinyenyezi palibe, ikani kadontho ndi maka yosafufutika pachidutswa chilichonse mutayang'ana pa atilasi.

Mayina ofanana nawonso amafuna tsiku lawo. Columbus ndi wa Ohio, Columbia ndi wa South Carolina. Charleston amene ndi likulu ndi wa West Virginia, osati wa South Carolina. Washington, D.C., likulu la dziko lonse, si chigawo ndipo ali pakati pa Maryland ndi Virginia, pamene chigawo cha Washington chili kutsidya lina la dziko. Zigawo 8 zimayamba ndi M ndipo zina 8 zimayamba ndi N, choncho kuphunzitsa motsata afabeti kumaunjika zosokoneza pamalo amodzi. Pa katchulidwe thabwa silingakuthandizeni: Arkansas amatchulidwa ngati Akanso, Pierre wa ku South Dakota ngati Piya, ndipo ma s a mu Des Moines satchulidwa. Mphunzitsi amvetsere katchulidwe koyenera asanaime kutsogolo kwa ana.

Kagwiritsidwe ntchito kamene kamapindula

Musakhuthulire mwana zidutswa zonse nthawi imodzi. Bungwe loona za kalembera ku United States limagawa dzikoli m'madera anayi: kumpoto chakum'mawa kuli zigawo 9, chapakati kumpoto 12, kum'mwera 16, kumadzulo 13. Yambani ndi kumadzulo, kumene zidutswa ndi zazikulu ndipo mwana amapambana msanga, mutsirize ndi kumpoto chakum'mawa. Chotsani zidutswa 5 kapena 6 zoyandikana, zina zonse zikhale m'malo mwake kuti zimutsogolere. Mphindi 10 mpaka 15 patsiku zimaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata, ndipo tsiku lililonse liyambe ndi kubwereza za dzulo ndi zina za sabata yatha. Mayina a zigawo ndi malo ake zikhazikike kaye, malikulu abwere pambuyo. Kuphunzitsa zonse pamodzi ndi kupatsa mwana mayina 100 achilendo.

Akazolowera, phimbani mayina a pazidutswa ndi tepi ya pepala yosavuta kumatula. Kenako mulande thabwa lapansi, alumikize patebulo popanda mpanda womutsogolera. Pomaliza mupatseni pepala la mapu opanda mayina ndi pensulo. Gawo lomalizali musalidumphe, chifukwa ana ambiri amaloweza mtundu wa penti osati maonekedwe: amadziwa kuti chachikasu chija ndi Nebraska, ndipo penti ikachoka, Nebraska nayenso wachoka.

Ana a zaka 5 mpaka 7 amapindula ndi maonekedwe ndi mayina a zigawo. Malikulu amayenda bwino kuyambira zaka 8 kapena 9, ndipo m'sukulu zambiri za ku United States amaphunzitsidwa mu giredi 4 kapena 5. M'kalasi, thabwa limodzi limakwanira ana anayi, osapitirira apo. Akachuluka, mmodzi wochangamuka amamaliza zonse anzake akungoyang'ana. Agawireni zidutswa mofanana ndipo aliyense aziika zake zokha, motsatana.

Poyerekeza ndi masewera a mafunso a pa intaneti, awo ndi abwino pobwereza mwachangu ndipo tizigawo tating'ono amationetsa patokha, koma mwana amangogunda pagalasi, satembenuza kanthu m'manja. Ife timawaika pambuyo pa thabwa, osati m'malo mwake. Mapu a katoni sakhalitsa, makamaka tizidutswa topyapyala ngati Maryland ndi nsonga ya Idaho. A maginito ndi abwino kwa mphunzitsi woonetsa kalasi yonse pabolodi lachitsulo.

Kulimba kwake ndi kasungidwe

Zidutswa za pulaiwudi zokhuthala mamilimita 5 kapena kuposa zimapirira manja ambiri. Zopangidwa ndi utuchi wopanikiza zimafufuma zikanyowa ndipo sizibwereranso, moti chidutswa chofufuma chimakana kulowa. Onaninso ngati chithunzi chasindikizidwa pathabwa penipeni kapena ndi pepala lomata. Pepala limayamba kumatuka pansonga, pa Florida, pa Texas ndi pa Idaho, chifukwa ndi pamene zikhadabo zimakanda ponyamula. Kadontho ka guluu wa matabwa kamaligwira mukaliona msanga, ndipo vanishi wosungunulira ndi madzi, wopaka mopyapyala kawiri thabwa likadali latsopano, amatalikitsa moyo wake. Popukuta gwiritsani ntchito kansalu konyowa pang'ono, osaviika m'madzi, osayanika padzuwa chifukwa thabwa lapansi limapindika ndipo zidutswa zapakati zimayamba kutumphuka. Ngati zidutswa zili zothina mpaka mwana kufuna mpeni kuti anyamule, palani m'mphepete pang'ono ndi sandipepa wosalala.

Chenjezo la pabokosi loti si za ana osakwana zaka 3 ndi lenileni. Muyezo umene amagwiritsa ntchito ndi kachubu ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake, ndipo chilichonse cholowa monse m'kachubuko chitha kutsamwitsa mwana. Zidutswa ngati New Jersey pa thabwa la kukula kumeneku zimalowa.

Matabwa ambiri amtunduwu amabwera opanda chivundikiro, choncho zidutswa zimatayika. Tsiku logula, ikani chidutswa chilichonse papepala n'kujambula m'mphepete mwake ndi pensulo, musunge pepalalo. China chikasowa mudzadula cholowa m'malo pakatoni yolimba potsata chojambulacho. Ngati muli ndi matabwa angapo m'kalasi, lembani chilembo kumbuyo kwa zidutswa, zonse za thabwa loyamba A, za lachiwiri B, chifukwa zidutswa za matabwa awiri ooneka ofanana sizilowerana ndendende. Posunga, dzazani thabwa, ikani katoni pamwamba, mangani ndi malabala awiri, ndipo ligone chafulati.